Apongozi pa Masitepe a ku Joni

Anzanga a pa sitandi ya njinga zonyamula anthu ku Nabvutika, mu Chipata muno, amakonda kundifunsa za ku Joni tikamadikira makasitomala. Amafuna kumva za nsapato, za nyumba zosanjikizana, za akazi a kumeneko. Ine ndimangowauza kuti kumazizira, nkhani n'kuthera pomwepo. Chimene chimandibwerera ndikamva dzina la mzinda umenewo si choti n'kukambira pa sitandi. Ndimakumbuka masitepe a pa siteshoni ya sitima.

Ndinachoka ku Kasenengwa chaka chimene thonje linatipusitsa. Tinalima, tinapopera, tinatola, koma ogula atabwera mtengo wake unali wochititsa manyazi. Nthawi imeneyo ndinali pa chikamwini kwawo kwa mkazi wanga Esinati, ndikulima munda wa apongozi anga aNambewe. Anali mayi wamasiye, wamtali, wa mphamvu zoti amuna ena akamalima nawo ankanamizira ludzu kuti apumeko. Zaka zonse zimene ndinakhala pamudzipo sindinawayang'anepo kumaso, sindinadye nawo, ngakhale kuwapatsa moni wa padzanja. Tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire, n'kunyonyomala, n'kuwomba m'manja nkhope ili kumbali. Akafuna kundiuza kanthu ankauza Esinati, ine ndili pomwepo, ndipo yankho langa linkadzeranso kwa Esinati. A m'tauni amaziseka zimenezi, koma sikunali kudana. Umenewo ndiwo unali ulemu wathu, ndipo tonse awiri tinkaunyadira.

Ku Joni ndinapeza ntchito pa malo oumba mabuloko a simenti. Tinkagona m'chinyumba cha amuna okhaokha, mabedi osanjikiza, fungo la masokosi ndi parafini. Bedi la pamwamba pa langa linali la Zuze, munthu wa ku Tete, wamfupi, wojintcha ngati mtondo, wa nthabwala zosatha. Chilankhulo chake ndi changa zinkamvana, choncho anandisandutsa mng'ono wake tsiku lomwelo. Ndiye anandiphunzitsa kutseka pakamwa m'minibasi kuti lilime lisandiulule, ndiponso misewu imene apolisi amakonda kuimitsa anthu. Chitupa changa chinatha mphamvu ndisanazolowere n'komwe kuzizira. Kuyambira pamenepo ndikaona yunifolomu iliyonse, ngakhale ya mlonda wa pa sitolo, ndinkapatukira msewu wina.

Kangachepe kamene ndinkapeza ndinkatumiza kumudzi, ndipo apongozi anafolera nyumba yawo ndi malata. Uthenga wothokoza unadzera kwa Esinati, monga mwa nthawi zonse. Patapita zaka ndinapeza kachipinda kuseri kwa nyumba ya munthu, ndinaitanitsa mkazi wanga. Mulungu anatikumbukira, Esinati anaima. Apongozi atamva sanafune zokambirana. Anati mdzukulu wawo woyamba sangasambitsidwe ndi anthu osadziwa mtundu wake, ndipo anakwera basi ndi thumba la ufa ndi nsinjiro, mayi woti ngakhale ku Lusaka anali asanapondeko.

Chipinda chinali chimodzi. Tinamanga chingwe pakati n'kupachikapo zitenje, koma chitenje sichibisa chifuwa kapena mkonono, choncho ine ndinabwerera kukagona kwa Zuze, n'kumangobwera masana kudzasiya chakudya pakhomo. Zuze ankandiseka kuti ndine mwamuna yekhayo mu Joni monse amene amalipira lendi kuti aziima panja.

Mwana anabadwa ndi opaleshoni. Tinamutcha Yamikani. Bala la Esinati linavuta kupola, linatukusira, ndipo anamwino anamuletsa kunyamula chilichonse cholemera kuposa khandalo. Apongozi ndiwo ankagwira zonse. Tsiku lina m'mawa akuchapa matewera pa mpopi anangoti khu, kugwa chammbali. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Dzanja ndi mwendo wa kumanja zinafa, pakamwa panapotoka, mawu ankatuluka amodziamodzi ngati akuwakoka m'matope.

Powatulutsa anatibwereka njinga ya olumala ija timati wilutcheya. Mayi wa mafizo, amene ankawongola ziwalo, anatikhazika pansi n'kutiuza mosapita m'mbali. Anati miyezi yoyambirira ndiyo ya mtengo wapatali. Tikamabwera nawo sabata lililonse osajomba, mwendowo ukhoza kudzuka, amayi n'kuyendanso. Tikachita ulesi udzauma, ndipo ukauma wauma. Ndinatuluka m'chipindamo mawu amenewo akundilira m'makutu. Apongozi anabwera ku Joni ndi miyendo yake iwiri chifukwa cha mwana wanga. Ndikanakawabweza bwanji kwawo atakhala pa mpando wa matayala?

Tinayamba tayesa maminibasi. Madalaivala akangoona wilutcheya ankaponda moto ngati aona apolisi. Wina amene anaima anati mpandowo udya malo a anthu, ndiponso alibe nthawi yodikira nkhalamba. Galimoto ya hayala inali ya anthu ena, osati oumba mabuloko. Inatsala sitima. Kwathu kuno njanji timangoiona, ine ndinali ndisanaganizepo kuti munthu wosayenda amakwera bwanji chinthu chimenechi.

Siteshoni ya kufupi ndi kwathu inali ndi mbali ziwiri. Mbali ya kumsewu unkangolowa, pansi pali see, ndipo sitima yopita m'tauni, kumene kunali chipatala, inkaima kumeneko. Yobwerera inkaima tsidya lina la njanji. Kuti utuluke kumeneko umayenera kukwera masitepe achitsulo, kuwoloka mlatho pamwamba, n'kutsikanso ena. Pambali pa masitepewo panali chikepe chokongola ndithu, cha magalasi, chojambulidwa kamunthu kali pa wilutcheya. Chikomekome cha mkuyu. Chitseko chake chinali chomangidwa ndi waya, ndipo ogulitsa zipatso ankasungiramo makatoni. Esinati atafunsa mlonda, anamuuza kuti chinafa kalekale, akuba anasolola nthambo, ndipo ngati tili ndi dandaulo tipite ku ofesi. Ofesiyo inali pamwamba pa masitepe omwewo.

Kukwera sitima yeniyeniyo kunali nkhondo ina. Pakati pa khomo ndi pulatifomu pankatsala mpata woti mwana angagweremo, khomolo lili m'mwamba kufika m'bondo, ndipo sitima siidziwa kuti wina ndi wodwala. Imaima, anthu n'kukankhana, iyo n'kunyamuka. Ndinkapendeketsa mpando chagada, n'kuponya matayala akutsogolo m'katimo, n'kukankha ndi chifuwa ndikupemphera kuti tayala lisalowe mumpatamo. Kukankha wilutcheya kunalibe mlandu. Ndinkagwira chitsulo, osati munthu, ndipo chimene ndinkaona ndi kumbuyo kwa duku lawo basi. Siteshoni ya kuchipatala inali yabwinoko, inali ndi njira yotsetsereka ya simenti mbali zonse ziwiri. Vuto linali pobwerera, pa mlatho wathu uja.

Nditamufotokozera Zuze anaseka mpaka kutsokomola, kenako anati asiyire iye. Tsiku la chipatala lililonse ankazemba kuntchito masana, ndipo sitima yathu ikamafika tinkamupeza ataima pa pulatifomu, mutu uli mbuu ndi simenti. Ankagwada kutsogolo kwa mpando n'kunena kuti, "Agogo, bulu wanu wafika, kwerani." Esinati ankakoloweka dzanja lamoyo la amayi ake m'khosi mwa Zuze, iye n'kudzuka nawo ngati wanyamula mwana. Ine ndinkapinda wilutcheya n'kutsogola, osacheuka. Kumbuyo ndinkangomva Zuze akuwauza kuti alemera chifukwa cha nsinjiro, iwo n'kumaseka ndi theka la pakamwa. Zuze sanali mkamwini wawo, choncho msana wake unali wololedwa.

Masabata amenewo anali ndi chiyembekezo. Zala za kuphazi zinayamba kugwedera. Tsiku lina Esinati anandithamangira pakhomo kudzandiuza kuti amayi aimirira atagwira tebulo, ndipo ine ndinavina panja ndekha ngati wamisala.

Kenako tsiku lina tinatsika sitima, Zuze palibe. Tinadikira. Anthu onse anakwera mlatho n'kutisiya, kamphepo kozizira kakuwomba m'njanji, mwana akulira. Sitima ina inabwera n'kupita. Foni ya Zuze inkangoitana. Ndinayang'ana masitepe, ndinayang'ana duku la apongozi.

Amene anatipulumutsa ndi mayi wina wa komweko, woyendera ndodo ziwiri, amene ankagulitsa maswiti m'sitima. Tinkamuona kawirikawiri koma tinali tisanalankhulanepo. Anatiuza, theka ndi manja theka ndi Chingelezi, kuti iye mlathowo sakwera. Amapitirira ndi sitima mpaka siteshoni ina kutsogolo kumene pulatifomu ndi imodzi, ili pakati, sitima zonse zimaima mbali ndi mbali. Kumeneko amatsika, n'kudikira yobwerera, n'kudzatsikira kuno mbali ya kumsewu. Anati olumala onse a njanji imeneyo amadziwa zimenezi, amaphunzitsana okhaokha, chifukwa palibe chikwangwani chimene chingakuuze. Tinachita zomwezo, ndipo tinafika kunyumba dzuwa litapendeka, ulendo woti wamiyendo amauyenda mphindi zochepa.

Za Zuze ndinazimva mawa lake. Anamugwira pa msewu wopita ku siteshoni, simenti ili m'mutu, n'kumuponya m'galimoto ya apolisi pamodzi ndi ena opanda mapepala. Anawabweza kwawo. Sindinamuonenso, ndipo kumudzi kwawo kwenikweni sindikudziwa. Anagwidwa akubwera kudzabereka mayi woti si mayi ake. Bedi lake linapatsidwa munthu wina sabata lomwelo.

Tinapitiriza ndi njira yozungulira ija, koma mtima wanga sunakhalenso m'malo. Tikiti yathu sinkafika ku siteshoni ya kutsogoloyo, choncho woyang'ana matikiti akalowa ndinkaumiratu, podziwa kuti funso la tikiti limabala funso la chitupa. Ndikagwidwa ine, ndani akankhe mpandowu? Ndinkaona Esinati ali yekha pa pulatifomu, mwana kumsana, bala pamimba, amayi ake pa mpando, ine ndili m'galimoto ya mawaya. Chakudya chinasiya kukoma. Kuntchito abwana anayamba kung'ung'udza za masiku amene ndinkapempha, ngakhale ndinkabweza Lamlungu.

Ndiye mayi wa mafizo anatiuza kuti sabata lotsatira kubwera dokotala wamkulu, adzawaone amayi ndi kuwayeza chitsulo chomangira kumwendo kuti ayambe kuponda. Anati dokotalayo sabwerabwera, tikamuphonya tidikira mpaka kalekale, nthawi ya mwendo itadutsa. Anabwereza kuti tisachedwe.

Tsikulo tinalawirira. Tinafika pa pulatifomu ya kumsewu anthu akadali ochepa, ndinaika mpando pamalo pamene khomo la sitima limakonda kuima. Apongozi anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, Esinati atawamangira bwino duku. Anthu anachuluka, sitima osabwera. Kenako sipika ya padenga inakhosomola, inalankhula zinthu zimene sindinazigwire, ndipo khamu lonse linatembenuka nthawi imodzi n'kuthamangira ku masitepe. Anyamata ena analumphira m'njanji kuwolokera tsidya. Mayi wa maswiti uja anali atakhala pa benchi. Anandiuza kuti mawaya a mbali ino avuta, lero sitima zonse ziimira tsidya. Iye anangokonza ndodo zake pambali, anati abwerera kunyumba, zimenezi anazizolowera. Analozanso mnyamata wina wosamva amene anatsala chiimire akuyang'ana uku ndi uku, osadziwa chimene anzake athawira.

Esinati anathamangira kwa mlonda. Mlondayo anati saloledwa kuchoka pa geti, ndiponso saloledwa kunyamula munthu, akamugwetsa ntchito yake yatha. Ine ndinaimitsa bambo wina wamphamvu, ndinamupempha. Atamva lilime langa anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kupitirira. Wina anangoloza wotchi yake. Kutali njanji inayamba kulira.

Sindikudziwa ngati ndinaganiza kapena thupi linangochita lokha. Ndinauza Esinati kuti, "Auzeni amai andikhululukire." Ndinazungulira mpando uja, malo amene ndinali ndisanaimepo, n'kugwada kutsogolo kwawo nditawapatsa msana.

Kumbuyo kwanga ndinamva liwu limodzi lolemera la apongozi. "Iyayi."

"Amai, mwendo," anatero Esinati. "Adokotala sadikira. Tsekani maso, amai."

Esinati anakoloweka dzanja lawo m'khosi mwanga, lozizira, louma ndi khasu. Ndinadzuka nawo. Msana wanga unazolowera matumba a simenti, koma thumba silipuma m'khutu mwako. Anali olemera, mwendo wakufa uja ukulendewera n'kumakoka thupi lonse kumbali imodzi. Ndinalowa m'khamu lija pa masitepe, anthu akundikankha kumbuyo, ena akutsika motsutsana nafe, zitsulo zikuterera ndi mame. Ndinkangoona zidendene za munthu wa patsogolo. Mantha anga onse anali akuti ndikaphonya phazi limodzi tigubuduka tonse, ndipo ndikafotokoza chiyani ku Kasenengwa.

Titatsala pang'ono kufika pamwamba ndinamva nsalu ikutsetsereka pa mikono yanga. Mfundo ya chitenje inamasuka. Wina anapondapo, chitenje chonse n'kutsalira pa masitepe. Kuchipatala anatiuza kuti tiziwaveka thewera la akuluakulu pa maulendo otere, ndipo ndi limene linatsala poyera. Ndinawamva akubuula, kubuula kwa munthu amene walasidwa. Ndinacheuka kufuna Esinati, koma iye anali pansi penipeni, mwana kumsana, akulimbana ndi wilutcheya imene inakola m'zitsulo, anthu atamupanikiza.

Ndinawatsitsa pa mlathopo n'kuwatsamiritsa ku chitsulo cha m'mbali. Ndinatambasula dzanja n'kusolola chitenje pansi pa nsapato za anthu. Iwo ndi dzanja limodzi sakanatha kugwira chitsulo ndi kumanga nsalu nthawi imodzi, ndipo anayamba kupendama. Ndinayesa kutseka maso, koma sungamange mfundo pa munthu amene akugwa uli chitsinzinire. Ndinawazunguliza chitenje m'chiuno ndi manja angawa, maso ndi maso, mphuno zathu zitatsala pang'ono kugundana. Kanali koyamba kuona nkhope ya apongozi anga. Misozi inkatsika, diso la mbali yakufa lili phee osaphethira. Anthu ankangotilambalala, wina anadandaula kuti tatseka njira. Kwa iwo sichinali kanthu.

Sitima tinaipeza. Mtsikana wina anathandiza Esinati kukweza mpando, tinatsika mbali inayo, ndinaponya matayala m'khomo zitseko zikuyamba kutsekeka. Kuchipatala dokotala anawagogoda bondo, anawayeza, kenako anawaimika pakati pa zitsulo ziwiri. Ine ndinasuzumira pa zenera la chitseko. Anaponya mwendo wamoyo, n'kukoka winawo, n'kuponyanso. Anayenda mpaka kumapeto kwa zitsulozo. Anamwino anawomba m'manja, dokotala anati mayiyu ndi wolimba, chitsulo chikafika ndipo akapitiriza mafizo adzayenda ndi ndodo. Esinati analira ndi chimwemwe. Apongozi nkhope inali pansi.

Madzulo a tsikulo anakana kudya. Tinati ndi kutopa. Tsiku la chipatala litakwananso Esinati anawatenthetsera madzi, koma iwo anatembenukira kukhoma n'kudzifunda bulangete. Anawanyengerera, anawakalipira, anawaikira mdzukulu pachifuwa. Ine ndinali panja, khutu lili pa chitseko. Ndinauza Esinati awauze kuti ndipeza munthu wina woti aziwabereka, ngakhale mzimayi, ndipo zija sizidzachitikanso. Koma ndikulankhula ndinkadziwa kuti ndikulonjeza za eni ake. Sitima sinali yanga, sipika sinali yanga, ndipo tsiku lililonse a njanji akanatha kutisinthiranso mbali.

Apongozi anayankha, liwu limodzilimodzi, mokweza kuti ndimve ndine.

"Mwendo utsale. Ndiperekezeni kwathu ndikadali munthu."

Azimayi a kutchalitchi chimene tinkapemphera anabwera kudzawalankhula. Anawauza kuti kuno ndi kutauni, zamiyambo zinatsala kumudzi, mkamwini ndi mwana ngati ana ena. Iwo anangotseka maso. Mayi wa mafizo anaimba foni kuti chitsulo chafika. Sabata linadutsa, lina linadutsa, zala zija zinasiya kugwedera. Ndinkapita kuntchito mutu uli kwina, mpaka ndinadziphwanya chala ndi buloko. Ndinakwiya nawo, kunena zoona, ndinakwiya kwambiri, koma mkamwini amakwiyira kuti? Ndinkapita kuseri kwa mulu wa mchenga n'kumatukwana chikepe.

Pomaliza ndinasiya ntchito, tinalongedza. Wilutcheya ya kuchipatala tinabweza, anzanga a ku mabuloko anasonkherana n'kutipezera ina yakale. M'basi azimayi apaulendo ndiwo ankathandiza Esinati kuwakweza ndi kuwatsitsa, ine ndinakhala mpando wa kumbuyo kwenikweni. Pa malire alionse ndinkayembekeza kuti anditsekera chifukwa cha chitupa chakufa, koma anangondidinda chidindo choti ndisabwererenso msanga. Sindinadandaule.

Kumudzi anatilandira ndi maliro a munthu wamoyo. Azimayi analira atawaona akutsitsidwa pa ngolo. Mlamu wanga Yohane, mwana wawo wamwamuna, amene kale tinkasekera limodzi ku dimba, anandipatsa moni wa nsonga za zala. Sipanatenge nthawi ndinayamba kumva zonong'ona. Ankati malata aja sanabwere okha. Ankati amuna a ku Joni amakhwimira chuma, ndipo mwendo wa aNambewe ndiwo unalipira. Ana ankathawa ndikamadutsa. Ine, Esinati ndi apongozi tinkadziwa chimene chinachitika pa mlatho, koma palibe akanachitchula. Kuti ndidziyeretse ndikanayenera kuwavula kachiwiri pamaso pa mudzi wonse. Ndinasankha kutchedwa mfiti, ndipo tinasamukira ku Nabvutika.

Ndinkapitabe kukawaona ndi shuga ndi sopo. Wilutcheya sinakhalitse, mchenga ndi minga zinadya matayala, inasanduka pogona nkhuku. Iwo ankakhala pa mphasa pakhonde, akusenda mtedza ndi dzanja limodzi ndi mano. Kale ndikafika pamudzi ankangotembenuza nkhope. Tsopano akamva belu la njinga yanga ankakoka chitenje n'kudziphimba mutu wonse mpaka nditachoka. Uthenga wodzera kwa Esinati unatha. Zimenezi zinkandidya kuposa mabodza a ufiti. Ndinkapalasa kubwerera ku Chipata ndikudzifunsa ngati amandida, ngati akanakonda ndikanawasiya pa pulatifomu paja kuti sitima ipite. Esinati ankati ndisamaganize kwambiri. Yamikani anakula, anayamba sukulu, funso langa lili pomwepo.

Dzinja lapitali kunabwera foni yoti amayi chifuwa chawapanikiza, akulephera kupuma bwino. Tinafika mvula itangokata. Galimoto sikanatha kulowa chifukwa cha matope, choncho Yohane anamanga ng'ombe pa ngolo kuti tiwafikitse kumsewu. Pabwalo panadzaza abale, ena a iwo omwe aja ankandinena. Azimayi anawatulutsa ndi mphasa mpaka pakhonde. Ine ndinaima patali, kuseri kwa nkhokwe, pamalo pa mkamwini.

Yohane anavula jekete n'kuwerama kuti awanyamule. Iwo anamukankha ndi dzanja lamoyo lija. Anayesanso, anamukankhanso. Kenako anachotsa chitenje kumutu, anayang'anayang'ana pabwalo mpaka maso awo anandipeza.

"Aitaneni atate ake Yamikani," anatero. Mawu ankavuta, koma aliyense anamva. "Iwo adziwa kale kulemera kwanga."

Yohane anayang'ana mlongo wake, Esinati anayang'ana pansi. Ndinayenda pakati pa anthuwo, ndinafika pakhonde, ndinagwada n'kuwapatsa msana. Dzanja linabwera lokha m'khosi mwanga, popanda wolikoloweka. Ndinakunga msana ndi mphamvu zonse monga ndinkakumbukira, koma podzuka ndinatsala pang'ono kugwa chafufumimba. Munalibe munthu m'chitenjemo, anali ngati mtolo wa mapesi. Misozi inanditsika anthu onse akuona, ndipo ndinalibe dzanja loipukutira. Mwendo uja unali utapindika, wouma gwa, ndipo unkandigunda m'nthiti mpaka tinafika pa ngolo.